Mabedi Obwereka a ku Pirirani

Kuseri kwa mapiri kumene mphepo imakatembenukira, kuli dziko lotchedwa Sendereniko. Musavutike kulifuna pamapu, abale. Mapuwo anadzaza kale, dzikoli linasowa pokhala.

Anthu a kumeneko Mulungu anawadalitsa ndi kubereka. Minibasi ya anthu khumi ndi asanu imanyamula makumi atatu, osawerengera mbuzi ndi apongozi a dalaivala. Kusukulu mwana mmodzi akayetsemula, kalasi yonse imapukuta mphuno. Pamsika waukulu wa Chigongono mwendo ukakuyabwa, umayamba wafunsa kuti, "Pepani, mwendo uwu ndi wanga?" kenako n'kukanda.

Tsono anthu otere sangasowe mawu otchulira unyinji. Anthu akachuluka pamaliro ankati khamu. Paukwati wa mwana wa mpondamatiki ankati khwimbi. Pamsonkhano wa mfumu ankati chinamtindi. Koma akachuluka pamalo pochepa, mpaka kupumirana m'khosi, mpaka wina kukuponda chala iwe osatha kuwerama kuti uone wakupondayo, pamenepo ankati kuthithikana. Kusiyana kwake n'kosavuta: chinamtindi chimakoma kwa amene akuchionera pamwamba, kuthithikana kumamveka m'nthiti za amene ali m'katimo.

Mwini dzikolo anali Mfumu Ndiombereni Wachitatu, ndipo inkakhala kulikulu ku Tambalalani, m'nyumba ya zipinda makumi asanu ndi anayi. Nsapato zakumanzere zinali ndi chipinda chawo, zakumanja chawonso. Bedi lake linali lalikulu mwakuti ikafuna kulankhula ndi mfumukazi inkachita kutuma mthenga.

Ndiye kumudzi wa Pondanani kunali mayi wina dzina lake Nangozo, mtsogoleri wa amayi ovina pamisonkhano ya mfumu. Zaka makumi awiri akuyambitsa nyimbo, mawu ake osasasa ngakhale tsiku limodzi. Vuto lake linali limodzi: pakamwa pake panalibe chitseko.

Tsiku lina amayiwo atatsika mulole imene inawatutira kumsonkhano, mfumu inaima patsogolo pa Nangozo n'kufunsa mwamwambo chabe, "Mwayenda bwanji, amayi?"

Funso lotere yankho lake limadziwika. Koma Nangozo, chiuno chikumupweteka, anati, "Tayenda bwino, mfumu, kungoti tinathithikana mulolemo."

"Munatani?"

Ng'oma zinayamba kulira, nkhani n'kuthera pompo. Koma m'mawa mwake Nangozo anaitanidwa kubwalo la nduna. Anapita atauziratu anansi amene adzatenge nkhuku zake.

"Amayi inu," inatero mfumu, "dzulo munatchula mawu ena ake. Ndafunsa nduna zanga zonse khumi ndi ziwiri. Uyu akuti ndi matenda a nkhuku, uyo akuti ndi mtundu wa gule. Tafotokozani."

Nangozo anagwada n'kuomba m'manja. "Wawa mfumu. Mawu amenewa safotokozeka ndi pakamwa, amafuna nthiti. Mundibwerekeko ndunazi pang'ono."

Mfumu inavomera. Nangozo anatsegula kachipinda kosungiramo maambulera n'kuyamba kulongamo nduna imodziimodzi, monga amalongera matumba m'ngolo.

"Sendereniko, a Zamisewu. Inu a Zaulimi, mimbayo ipindeni. A Zamaphunziro, imani ndi mwendo umodzi, winawo mugwiritsa ntchito mukatuluka."

Yomaliza anaikankha ndi chiuno, chitseko gwa! M'katimo munayamba kumveka mawu.

"Mwandiponda!"

"Chigongono ichi n'chayani?"

"Wadya anyezi ndani m'mawa uno?"

Atatsegula, nduna zinakhuthuka ngati mbatata m'thumba lobooka.

"Ndi kumeneko kuthithikana, mfumu."

Mfumu inaseka mpaka misozi mbwembwembwe. Itapukuta m'maso inafunsa, "Tsono zoseketsa chonchi zimachitika kuti?"

"Paliponse, mfumu. Kupatula muno."

Mfumu inaleka kuseka. Ngakhale ntchentche inaleka kuuluka.

Pamenepo anaimirira a Kometsani, Nduna Yoona za Mawu Oyenera, chipewa chawo chitaphwanyika ngati chitumbuwa chokhaliridwa. Bambo amenewa akanatha kukuuza kuti nyumba yako yapsa, iwe n'kuwathokoza chifukwa cha makala.

"Mwini dziko," anayamba motero, "anthu ambiri ndiwo ulemerero wa mfumu. Munthu akakhala pakati pa anzake n'kumva kufunda, amakhala wokondwa. Koma wina akangomunong'oneza mawu oipawa, basi, ayamba kudandaula. Choncho vuto si malo, vuto si anthu. Vuto ndi mawu. Tichotse mawuwo, madandaulo atha."

Nduna zinaomba m'manja, zina zikusisitabe nthiti. Lamulo linalembedwa tsiku lomwelo. Anthu akachuluka muminibasi, kuzitchedwa kukondana. Kusukulu, ludzu la nzeru. Kundende, umodzi. Kuchipatala, chinamtindi cha odzathokoza. Wotchula mawu akale aja akalawe umodzi miyezi itatu.

Woyamba kumangidwa anali wolengeza lamuloli pamsika wa Chigongono. Akanaletsa bwanji mawu osawatchula?

Nangozo atatsika minibasi pamsikapo, mayi wogulitsa tomato anamukuwira, "Mwabwerako, a Nangozo? Pakamwa panupo patiphetsa! Mwayenda bwanji?"

"Ndakondedwa kuchokera ku Tambalalani mpaka kuno, asisi. Bambo wina wandikonda ndi thumba la makala pabondo pano."

"Inu zanu n'zabwino," anatero wosoka nsapato, msomali uli pakamwa. "Mlamu wanga ali ku umodzi. Akuti pogona amatembenuka onse pamodzi, wamkulu wawo akaimba likhweru."

Nangozo anaseka nawo, koma kuseka kwake kunathera m'mano. Mtima wake unali pa Lufina, mwana wake wamkazi mmodzi yekhayo, amene anali ndi pathupi poyamba, mwezi wake uli womwewo.

Chipatala cha dera lawo chinali cha Pirirani. Chipinda cha amayi oyembekezera chinali chachitali ngati tchalitchi, poti womanga anauzidwa kuti mabedi akubwera m'mbuyo. Mabedi amene anafika anali asanu ndi limodzi. Odzathokoza sankachepera makumi anayi. Pabedi atatu, pansi pa bedi awiri, otsalawo mbwee pasimenti. Nangozo anamubalira Lufinayo pansi pa bedi lachiwiri kuchokera kukhomo, mayi wina akubuula pamwamba pake, ndipo chinthu choyamba chimene mwanayo anapatsa moni padziko lino chinali simenti yozizira. Kuyambira tsiku limenelo analumbira kuti mdzukulu wake aliyense adzabadwira pamatiresi, zivute zitani.

Anapita kukaonana ndi azamba a pachipatalapo, a Kamtedza, mayi wamfupi wa manja ngati a womanga nyumba.

"Bedi?" anatero a Kamtedza. "A Nangozo, bedi lapakona lija analembetsa kale atsikana amene sanafunsiridwe n'komwe."

"Musadandaule, amayi," anatero Lufina pobwerera, akuyenda ngati bakha. "Ndikachirira pamkeka."

"Pamkeka abalirepo mphaka. Iwe ndi mwana wa munthu."

Analankhula molimba, koma nzeru analibe. Nzeru inabwera yokha, pagalimoto yakuda, itavala chipewa chatsopano. Anali a Kometsani.

Anaitanira Nangozo pansi pa mtengo wa mango pachipatalapo. "Amayi, mwayi wakugwerani. Pali manong'onong'o akuti mawu aja akadali moyo kuno ku Pirirani. Ndiye Lachinayi mfumu ibwera kudzaona ndi maso ake kuti pano mayi aliyense ali ndi bedi lakelake."

"Mabediwo ali kuti, bwana?"

"Ali m'njira."

Apa m'pofunika mudziwe kagwiridwe ka ntchito ka ku Sendereniko. Kulikonse kumene mfumu ikupita, kunkatsogola lole. Mulolemo munkakhala miyala yopaka laimu, maluwa a m'zitini, mkeka wofiira wopondapo mfumu, ndi chilichonse chimene malowo akusowa. Mfumu ikangotembenuka, fumbi lisanakhazikike, katundu yense ankabwerera mulole n'kuthamangira kumalo otsatira. Mabedi makumi anayi amenewo mfumu inali itawatsegulira kale m'zipatala khumi ndi zinayi. Inkachita kunyadira kuti amisiri a m'dziko lake ndi aluso, mabedi onse amapindika mwendo pamalo amodzimodzi.

"Tsono oyembekezera enieniwa," anapitiriza a Kometsani, "tikawasungako kushedi ya fodya kuseri kwa phiriko. Amabuula, amatuluka thukuta, nkhope zawo sizionetsa chitukuko. M'malo mwawo mundipezere amayi anu ovina makumi anayi. Aliyense aike pilo pamimba, amange nsalu ya nkhope ya mfumu, agone pabedi, azimwetulira."

"Enieniwo wina zikamuyamba ali kushediko?"

"Apirire. Ndi maola atatu okha."

Nangozo anawayang'ana a Kometsani kuyambira kuchipewa mpaka kunsapato. Pakamwa paja panatsala pang'ono kutseguka. Koma kwa nthawi yoyamba chibadwire, anapatseka yekha.

"Mapilowo mubweretsa, bwana?"

"Makumi anayi."

"Basi, siyirani ine."

Lachitatu lole inafika. Woyendetsa anali mnyamata wamtali wotchedwa Jekapu, amene zaka zisanu ndi ziwiri anali atayenda ndi mabedi amenewo osagonerapo ngakhale limodzi. Anatsitsa, anayala, anandanda miyala ya laimu, n'kukaimika lole pansi pa mango paja.

Lachinayi m'mawa Nangozo ndi a Kamtedza anagwira ntchito yawo mwakachetechete. Nkhanga zinapangana kusanapse. Amayi ovina makumi anayi anamanga mapilo pamimba, anafunda zitenje zakutha, n'kuuyamba ulendo wa kushedi, akubuula mwaluso mwakuti msilikali wowaperekeza anagwetsa misozi. Oyembekezera enieni anavekedwa nsalu za nkhope ya mfumu n'kukwezedwa pamabedi, aliyense lake. Ena anayamba aligwiragwira kaye bedilo, kufunafuna mwini wake. Wina anafunsa kuti miyendo aiike kuti, poti malo achuluka.

Lufina anapatsidwa bedi lapafupi ndi zenera. Zinali zitamuyamba mbandakucha, ndipo ankaluma nsonga ya nsalu.

"Amayi, sindifika masana."

"Usafike, mwanawe. Bola matiresi ali pansi pako."

A Kometsani anabwera kudzayendera, manja kumbuyo. Nkhope ya mfumu inali itatambasuka pamimba makumi anayi, masaya ake atafufuma kuposa enieni.

"Eya, izi ndiye ntchito. Koma uyu waonjeza. Waika mapilo awiri?"

Anali mayi wa mapasa.

"Ndi wadyera ameneyo, bwana, timudzudzula."

"Nanga uyu, mimba yake ikugwedezeka bwanji?"

"Luso, bwana. Zaka makumi awiri tikuvina."

Atafika pa Lufina anaima n'kugwedeza mutu mokhutira. "Uyu ndiye katswiri, mpaka thukuta! Koma achepetseko. Tikufuna odwala osangalala."

"Wamva, iwe? Mwetulira," anatero Nangozo. Lufina anaonetsa mano onse, ngati munthu woponda minga.

Dzuwa lili paliwombo mfumu inafika. Mkeka wofiira unayalidwa kuchokera pagalimoto mpaka pakati pa chipindacho, mpando wachifumu n'kuikidwa pamenepo. Nduna khumi ndi ziwiri, asilikali, ojambula, wonyamula ambulera, wonyamula mpango wa wonyamula ambulera, onse analowa.

"Anthu anga a ku Pirirani," inayamba mfumu, "adani a dziko lino amafalitsa mawu ena amene sinditchula. Lero ndadzionera ndekha. Mayi mmodzi, bedi limodzi! Kumanzere, mayi mmodzi, bedi limodzi! Kumanja..."

"Mayooo!" anakuwa Lufina.

Nangozo sanachedwe. Anaitenga mfuu ija m'malere n'kuisandutsa nyimbo: "Mayo, mayo, tagona pofewa!" Amayi a pamabedi anavomera, ena akuombera m'manja, ena akugwira zitsulo za bedi pazifukwa zawo. A Kamtedza anakoka chitenje kutchinga bedi la pazenera n'kupinda malaya m'mikono.

Mfumu inakondwa, n'kumagwedeza phazi. Nyimbo inakwera, Lufina anakwera nayo. Mfumu inayambiranso kulankhula za chitukuko, inafika pa misewu, inadutsa pa milatho, ikulowa pa ulimi wa mpendadzuwa, kuseri kwa chitenje kunamveka kamawu katsopano.

"Ng'aaa! Ng'aaa!"

A Kometsani anatembenuka msanga. Anayang'ana Nangozo, anayang'ana chitenje, milomo ikuyenda yokha. Munthu amene anaima nawo pafupi akuti anamva akunong'ona kuti, "Pilo wabereka."

Nangozo anasuzumira kuseri kuja. Kamwana kakamuna, konenepa, kali gone pamatiresi, pansi pake pofewa ngati mtima wa agogo. Nangozo anapukuta m'maso ndi nkhope ya mfumu, n'kuimba nthungululu yoti inamveka mpaka kushedi ya fodya.

"Mwana wabadwa pamaso panga!" inafuula mfumu. "Ojambula, jambulani! Ndimuone!"

Nangozo anagwada pamkeka wofiira uja n'kuomba m'manja katatu. "Wawa mfumu. Mwana wabadwadi. Ndiye kuti nyumba ino tsopano ndi chikuta."

Mawu amenewo sanafune nduna yowamasulira. Ku Sendereniko ngakhale mfumu imadziwa kuti nyumba imene mwabadwira mwana ndi chikuta mpaka mchombo wa khandalo utagwa, ndipo mwamuna salowamo. Wolowamo, kapena wochedwa kutuluka, amatupa kuyambira kumapazi mpaka masaya. Kaya n'zoona kaya ayi, palibe mwamuna amene anafunapo kuyesera pathupi lake.

Mfumu inayang'ana mapazi ake. Nduna zinayang'ana awo. Kenako onse anakumbukira nthawi imodzi kuti chipindacho chili ndi khomo limodzi.

Pakhomo paja, abale, panachitika chinthu chimene dzina lake linaletsedwa. A Zaulimi anatsekereza ndi mimba, a Zamisewu anakwera pamsana pa wojambula, mfumu ili pakati, chisoti chitatsikira pamphuno, ambulera itatseguka yokha m'khwapa mwa munthu. Anatuluka ngati chimanga chophulika m'chiwaya. Mpando wachifumu ndi mkeka wofiira zinatsala m'katimo, palibe anazicheukira.

Fumbi la galimoto lisanathe, Jekapu anafika pakhomo ndi anyamata ake onyamula katundu.

"Odi, amayi! Tabwerera katundu wa boma. Mawa akufunika ku chipatala cha Limbikani."

Nangozo anakhala pakhomopo, miyendo tambalale. Kumbuyo kwake Lufina anali m'tulo, mwana ali pambali.

"Lowani, bambo, katundu ndi wanu. Koma nsapatozo muvuliretu. Zimavuta kuvula miyendo ikatupa."

Jekapu anabweza phazi limene anali atalikweza. "Mchombowo ugwa liti?"

"Sabata imodzi, ukafulumira."

A Kometsani atamva, anamulamula Jekapu kuti, "Usachoke pamenepo popanda mabedi." Jekapu anabwerera pansi pa mango.

Tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, mayi wa mapasa uja anachira. M'mawa mwake ena awiri. Pofika tsiku lachisanu ndi chiwiri, Lufina akutuluka ndi mwana kumsana, m'katimo munali michombo isanu ndi inayi yodikira kugwa, ndipo pakhomo panali odzathokoza atsopano ndi mitolo yawo pamutu.

A Kometsani anabwera okha. Anaima patali ndi zenera, mtunda woti kutupa sikungawalumphire, n'kuitana.

"Amayi inu, munandipusitsa."

"Ine, bwana? Munati amayi makumi anayi a mimba, aliyense pabedi lake, akumwetulira. Analipo amene sanamwetulire?"

"Ndikanena kwa mfumu!"

"Kanenenitu. Mukayambire poti mabedi amene inatsegulira m'zipatala khumi ndi zisanu ndi omwewa. Ikakafunsa kuti nanga amayiwa akuwakaniriranji, mukaiuze mmene ankagonera kale. Mawu ake mukawapeza, inu ndinu mwini mawu."

A Kometsani anabwerera, ndipo kwa mfumu sanakanene. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Komanso mfumu inali itayamba kale kunena pamsonkhano uliwonse za mwana amene anabadwa atangomva mawu ake.

Anayesa nzeru ina. Poti amuna sangalowe, atume akazi akatulutse mabediwo. Koma nyumba ya mfumu inkadziwa njira imodzi yokha yoitanira akazi, ndiyo kulembera mtsogoleri wa amayi ovina. Kalatayo inafika m'manja mwa Nangozo. A Kamtedza anamuwerengera, Nangozo n'kuyankha kuti amayi onse avomera ndi mtima wonse, abwera akangochira misana imene inathyoka ponyamula mapilo.

Miyezi inapita. Musaganize kuti chinthu chopanda dzina chija chinatha, ayi. Mbiri ya mabedi itamveka, amayi anayamba kubwera kuchokera kutsidya kwa mapiri, ndipo posakhalitsa pabedi pankagona awiri, wina mutu uku wina mutu uko. Koma pansi pa bedi pankagona mabeseni okha. Mpando wachifumu unakhala wa woyembekezera amene watopa kwambiri tsiku limenelo. Mkeka wofiira anaudula zidutswazidutswa zoyala pakhonde.

Jekapu naye anakhazikika. Anafesa tomato kumbuyo kwa lole. Nkhuku ina inaikira mazira pampando wa dalaivala, iye osaisokoneza. Mtsikana wina wogulitsa zitumbuwa pachipata, dzina lake Esinta, ankamupatsa zotsala madzulo, kenako anayamba kumupatsa zisanatsale, kenako ankhoswe anakumana. Munthu ukadikira pamalo nthawi yaitali, umamera mizu.

Patatha chaka ndi theka, kunagwa chinthu chimene sichinachitikepo ku Pirirani. Masiku asanu athunthu, osabadwa mwana. Amayi analipo, mimba zilipo, koma makanda onse anangokhala ngati apangana kuti akhaleko kaye. M'chipinda monse munatsala mchombo umodzi wokha, nawonso utauma, ukulendewera ngati tsamba la m'chilimwe.

A Kometsani anali ndi makutu paliponse. Uthenga unafika wakuti mawa m'mawa abwera ndi amuna makumi awiri, mchombowo ukangogwa mabedi akwere lole.

Nangozo anazungulira bedi ndi bedi. "Iwe, palibe chimene ukumva? Ngakhale kamsana? Nanga iwe, mwezi wako si uno?" Onse anapukusa mitu. A Kamtedza anawayendetsa kuzungulira chipatala kasanu, anawatumiza kukasinja, koma ayi ndithu. Ndipo Lufina, amene anali ndi pathupi pachiwiri, anali atatsala ndi sabata zitatu.

Chakumadzulo dzuwa litapendeka, Nangozo anapita pansi pa mango. Anapeza Jekapu akuzula tomato kumbuyo kwa lole, nkhope ili ndwii.

"Ukukonzeka, mwanawe?"

"Lamulo, amayi. Ndilibe chonena."

"Ayi, gwira ntchito yako, boma ndi boma. Esinta ali bwanji?"

"Miyendo ikumulemera. Akuti watsala sabata ziwiri."

"Zabwino zimenezo. Ndikamusungira malo pansi pa bedi lachiwiri kuchokera kukhomo. Ndimapadziwa bwino, simenti yake ndi yosalala. Ungomugulira kachipewa kokhuthala mwanayo, poti amayamba ndi mutu."

Anatola tomato mmodzi, anamupukuta pachitenje, n'kumapita akudya. Jekapu anatsala ataima, mtengo wa tomato uli m'manja.

Kutacha a Kometsani anafika ndi amuna awo makumi awiri. A Kamtedza anatuluka, poti iwo bodza sankalidziwa, n'kunena kuti mchombo wagwa m'mawa womwewo. Chikuta chatha.

"Tsegulani khomo! Jekapu, sendeza lole!"

Jekapu sanasunthe. Anangoloza. Lole inali itakhala pansi ngati ng'ombe yotopa, matayala onse asanu ndi limodzi ali phwa, ong'ambika m'mbali.

"Chachitika n'chiyani?"

"Kulakwa n'kwanga, bwana," anatero Jekapu, chipewa chili m'manja. "Dzulo ndinafuna kufulumiza ntchito, ndiye ndinaisendeza pafupi ndi zenera, chikuta chisanathe. Ndinaiwala kuti lole ndi yaimuna. Matayala anayamba kutupa ndikuona, kutupa, kutupa, mpaka phuu!"

Amuna makumi awiri aja anayang'ana matayala, anayang'ana khomo limene linali litatsegulidwa, n'kubwerera m'mbuyo onse pamodzi ngati gule.

"Chikuta chatha, anthu inu!" anakalipa a Kometsani. "Lowani! Tiwasenza pamutu mpaka kumsewu!"

"Tsogolani, bwana," anatero mmodzi. "Ife tikutsatirani."

A Kometsani anakonza chipewa. Anaponda sitepe yoyamba. Anaima, anagwedeza zala m'nsapato kuti amve ngati zikukwanabe. Anaponda yachiwiri. Nangozo anali chikhalire pakhonde, pachidutswa cha mkeka wofiira, akusenda mtedza, osawayang'ana n'komwe.

Phazi lili m'malere kufuna sitepe yachitatu, kumapeto kwa chipinda kunamveka mayi wina akuitana a Kamtedza ndi mawu amene mzamba aliyense amawadziwa. A Kamtedza anathamanga, akupinda malaya m'mikono.

"Lowani msanga, bwana," anatero Nangozo, akuuzira makoko a mtedza m'dzanja. "Ameneyo ndi mwana wake wachisanu ndi chitatu. Sachedwa."

Phazi lija linabwerera kumene linachokera.